Walanti yowonjezera pa galimoto yatsopano ku Joni: ya kampani, ya inshulansi, kapena kudzisungira wekha?

Tsiku limene ndinkasainira galimoto yanga yoyamba yatsopano ku East Rand, kum'mawa kwa Johannesburg, nthawi yambiri sinathere pa kusankha mtundu kapena penti. Zimenezo tinali titagwirizana kale ndi mayi a kunyumba. Inathera m'kachipinda kamene amakatcha F&I, momwe amakonzera za ngongole ya kubanki ndi inshulansi. Galimoto inali pawindo pomwepo, atayimanga riboni yofiira pa boneti, mipando ikadali m'mapulasitiki. Mayi wa m'chipindamo anatembenuzira kompyuta kwa ine n'kuloza mzere umodzi ndi cholembera. "Bambo, apa ndakuikirani walanti yowonjezera. Pa mwezi mungowonjezera R300 basi. Tsiku limene giyabokosi idzavute mudzandikumbuka." Mtima wanga unali utapita kale pa msewu, ndipo dzanja linali litanyamula cholembera. Mayi a kunyumba anandigwira pa bondo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abambo, tafunsani kaye kuti walantiyo iyamba liti kugwira ntchito."

Ndinafunsa. Yankho linali lakuti iyamba walanti ya kufakitale ikadzatha, patapita zaka 3. Kulipira kokha ndiko kumayamba mwezi womwewo. Mzere umenewo sindinausaine, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga mapepala a mapulani amenewa, anga ndi a abale amene amabwera nawo kunyumba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Funso lakuti "ndigule kapena ayi" yankho lake limatengera munthu ndi galimoto. Koma lakuti "ndigule lero, pa tsiku losaina, pa ngongole", kwa anthu ambiri yankho ndi ayi.

Ife a ku Malawi nkhaniyi imatipeza tisanakonzeke. Kwathu tinakula ndi magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, otsikira pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, ndipo china chikavuta timathamangira kwa makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi n'kukasaka sipeya pa msika. Tikafika kuno, ntchito ikakhazikika, banki n'kuvomera ngongole, timakumana ndi zinthu zinayi zimene m'khutu zimamveka ngati chimodzi. Walanti ndi lonjezo la wopanga galimoto kuti chinthu chikafa chifukwa chinapangidwa molakwika, akonza kapena kusintha mwaulere. Service plan imalipira sevisi ya nthawi ndi nthawi: oyilo, mafyuluta, mapulagi ndi ntchito ya makaniko. Maintenance plan imatenga zonsezo n'kuwonjezera zinthu zimene zimatha ndi kuyenda, monga mapadi a mabuleki, kilachi, mashoki ndi mawaipa. Motorplan ya BMW, ya zaka 5 kapena makilomita 100,000, ndi ya mtundu umenewu. Inshulansi ya comprehensive ndiyo ya ngozi, kuba, moto ndi matalala a ku Gauteng aja. Walanti yowonjezera imangotalikitsa choyamba chija. Kilachi ikatha ndi mdipiti wa magalimoto wa pa N1 m'mawa uliwonse, mulipira nokha. Tayala likaphulikira m'dzenje, mulipira nokha. Ndaonapo m'bale akukalipa pa foni chifukwa ankaganiza kuti anagula "chilichonse", chikhalirecho anagula chimodzi mwa zinayi.

Musanayerekeze mapulani ogula, yang'anani kaye zimene mwapatsidwa kale mu mtengo wa galimoto, pakuti apa makampani amasiyana kwambiri. Toyota kuno imapereka zaka 3 kapena makilomita 100,000. Volkswagen zaka 3 kapena 120,000, Ford zaka 4 kapena 120,000, Isuzu D-Max zaka 5 kapena 120,000, Nissan zaka 6 kapena 150,000. Suzuki yakhala ikupereka zaka 5 kapena 200,000, pomwe Kia ndi zaka 5 popanda malire a makilomita. Hyundai imapereka zaka 5 kapena 150,000 pa galimoto yonse, n'kuwonjezera zaka 2 kapena 50,000 pa injini ndi giyabokosi, kufika zaka 7 kapena 200,000. Chery, pofuna kukopa anthu amene ankakayikira magalimoto a ku China, inaika zaka 10 kapena makilomita 1 miliyoni pa injini, koma kwa mwini wake woyamba yekha. Manambalawa makampani amawasintha, choncho amene akukukhudzani ndi amene alembedwa m'buku la galimoto yanu.

Ngongole zambiri za magalimoto kuno ndi za miyezi 72. Wogula Nissan kapena Hyundai, ngati sayenda mopitirira, amamaliza ngongole walanti ya injini ikadalipo kapena itangotha kumene. Munthu ameneyu akagula yowonjezera pa tsiku loyamba, akulipirira zaka zakutsogolo kwambiri za galimoto imene mwina adzakhala atagulitsa kale. Wogula Polo kapena Corolla Cross nkhani yake ndi ina. Zaka 3 zomaliza za ngongole amakhala akulipira banki mwezi ndi mwezi pa galimoto imene chilichonse chikafa ndi cha m'thumba mwake. Mpata umenewu sindiupeputsa. Galimoto itakhala pa matabwa kuseri kwa nyumba banki siisiya kudula, ndipo munthu amalipira ngongole kwinaku akukwera takisi kupita kuntchito.

Mawu akuti "kapena" aja, a pakati pa zaka ndi makilomita a walanti, amatanthauza chimene chiyambe kukwana. Tengani munthu wokhala ku Pretoria wogwira ntchito ku Johannesburg. Ulendo umodzi ndi makilomita pafupifupi 60, kupita ndi kubwera 120, masiku 22 pa mwezi ndi 2,640, pa chaka kupitirira 31,000. Onjezanipo ulendo wa kumudzi wa Disembala: kuchoka ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700, kupita kokha. Munthu ameneyu makilomita 100,000 amawakwanitsa zaka 3 zisanathe. Mnzake wokhala ku Tembisa wogwira ntchito ku Kempton Park mwina sapitirira 12,000 pa chaka, ndipo zaka 3 zikamatha mita imakhala isanafike ndi pa 40,000 pomwe. Awiriwa amalowa m'chipinda chimodzi cha F&I n'kuuzidwa mawu amodzimodzi, pamene mavuto awo ndi osiyana.

Tiyeni tiwerengetse R300 ija. Tiyerekeze kuti pulani ndi ya R15,000 ndipo yalowetsedwa m'ngongole ya miyezi 72 pa chiwongoladzanja cha 13 peresenti. Pa mwezi imatuluka R301, koma pomaliza mumakhala mutalipira pafupifupi R21,700. R6,700 yapita ku chiwongoladzanja cha chinthu chimene theka la nthawiyo chinali chisanayambe n'komwe kugwira ntchito. Lamulo la ngongole, National Credit Act ya 2005, limalola kuti walanti yowonjezera ilowe m'ngongole, koma silikakamiza munthu kuigula. Chimene banki imafuna ndi inshulansi ya comprehensive. Wogulitsa amapeza komishoni pa pulani iliyonse, ndipo sindimuimba mlandu, ndi ntchito yake. Yanu ndi kufunsa mtengo wonse, osati wa pa mwezi, komanso kufunsa kuti galimoto ikabedwa kapena kuphwanyikiratu pa ngozi m'chaka chachiwiri, ndalama za pulani imene sinayambeyo adzabweza zingati.

Mwa mapulani ogula, imene ndimaikonda ndi walanti yowonjezera ya kampani imene inapanga galimoto. Ikakhala yeniyeni imangopitiriza zimene ya kufakitale imachita. Mumapita kwa dila aliyense wa mtundu umenewo, amalumikiza makina awo, amaitanitsa sipeya yeniyeni, ndipo za ndalama amakambirana okhaokha ndi likulu lawo. Mnzanga wina wa ku Zomba, giyabokosi ya otomatiki ya pikapu yake inayamba kugunda posintha magiya m'chaka chachinayi. Anaisiya kwa dila Lolemba, anakaitenga sabata yotsatira, ndipo anangosaina pepala. Akamanena za pulani yake nkhope imawala, ndipo ali ndi chifukwa.

Komabe pali zoti mumvetsetse musanatulutse ndalama. Akati "zaka 5", nthawi zambiri akuwerenga kuchokera tsiku limene galimoto inalembetsedwa koyamba, ndiye pa galimoto ya walanti ya zaka 3 mukugula zaka 2 zokha. Makilomita nawonso ndi onse a pa mita, osati owonjezera pamwamba. China n'chakuti mapulani ena okhala ndi dzina ndi chizindikiro cha kampani ya galimoto, kuseri kwake kumakhala kampani ya inshulansi, ndipo amakhala ndi malire a ndalama pa sipeya iliyonse. Ingofunsani kuti, "Kodi injini ikafa mumalipira mpaka zingati?" Akatchula nambala, dziwani kuti mwagwira pulani ya inshulansi imene yavala malaya a kampani. Funsaninso ngati pulaniyo imatsatira galimoto mukaigulitsa, chifukwa wogula amalimba mtima akaona walanti ikadalipo.

Chimene chimandikopa kwambiri pa njira imeneyi n'chakuti makampani ambiri amalola kuigula nthawi iliyonse walanti ya kufakitale isanathe, bola buku la sevisi likhale lodzaza bwino. Ndiye mutha kudikira zaka ziwiri ndi theka, muione galimoto khalidwe lake, muone makilomita amene mumayendadi, muone ngati mukufunabe kukhala nayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudikirako kuli ndi kuipa kwake: mtengo ukhoza kukwera, ndipo mukaiwala n'kudutsa tsiku kapena makilomita, ngakhale pang'ono, mwayi watha.

Tsopano mapulani a makampani a inshulansi, amene amakuimbirani foni, kulengezetsa pa wailesi ndi pa Facebook, ndipo ena amagulitsidwa kwa dila komweko. Amatchedwa walanti, koma kwenikweni ndi inshulansi ya kuwonongeka kwa makina. Ubwino wake ulipo. Ambiri amalipidwa mwezi ndi mwezi, mutha kusiya mukafuna, ndipo amalandira magalimoto akale amene kampani yopanga siingawalandirenso. Wogula galimoto ya zaka 7 pa tsamba la pa intaneti la AutoTrader nthawi zina alibenso kwina kopita. Pa galimoto yatsopano m'pamene ndimakayika.

Nkhani yonse ya pulani yotereyi yagona pa tsamba limodzi lokhala ndi mndandanda wa masipeya, ndalama zili pambali: injini mpaka zakuti, giyabokosi mpaka zakuti, turbo, kompyuta ya injini, eyakoni, sitata, chilichonse ndi malire ake. Chimene sichinalembedwe pa mndandandawo sichilipidwa. Chimene chalembedwa chimalipidwa kufika pa malirewo, zotsala ndi zanu. Tengani tsamba limenelo, imbani foni ku mbali ya masipeya kwa dila, funsani mtengo wa giyabokosi ya galimoto yanu pamodzi ndi ntchito yoika, ndiye muyerekeze manambala awiriwo. Foni ya mphindi 5 imeneyi imakuuzani zambiri kuposa kabuku konse kokongola kaja. Galimoto ikakhala yakale kapena ya makilomita ambiri amaiika m'gulu la malire otsika, chikhalirecho ndiyo imene imafuna thandizo lalikulu.

Kenako pali mawu akuti wear and tear, kutha kwa chinthu chifukwa cha kugwira ntchito. Mikangano yambiri imayambira apa. Sipeya iliyonse ya galimoto ya makilomita 140,000 yathako ndithu, ndipo wogamula ngati yafa mwadzidzidzi kapena yangotha ndi wowunika wotumidwa ndi kampani yomweyo. Kuti aone m'kati injini iyenera kumasulidwa, ndipo kilemu ikakanidwa ndalama yomasulira ndi yanu. Mukayamba kukonzetsa musanalandire chilolezo chawo, salipira. Injini ikatentha inu n'kulimbikira kuti mukafike pomwetsera mafuta, amati mwaiwononga nokha. Ambiri amafuna kuti sevisi ichitikire kwa dila kapena ku galaja yovomerezedwa ndi RMI, bungwe la ogulitsa ndi okonza magalimoto, pa nthawi yake. Ambirinso salandira galimoto yonyamula anthu pa Uber kapena Bolt pokhapokha mutanena poyamba. M'bale wanga amene mukuganiza zoika galimoto pa Bolt madzulo mukaweruka, nenani zoona pa tsiku loyamba, chifukwa tsiku la kilemu mita ndiyo idzanene.

Alamu anga zinawagwera chaka chatha. Anapita kumudzi pa Khirisimasi, ndipo sevisi inakwana ali ku Blantyre. Anachita zimene aliyense wa ife akanachita: anagula oyilo wabwino ndi fyuluta n'kupita kwa makaniko amene banja lathu lakhala likumudalira kwa zaka zambiri. Ntchito inagwiridwa bwino. Lisiti linali kapepala kothothola m'kabuku ka kaboni, kolembedwa pamanja kuti "sevisi, oyilo, fyuluta", ndalama, ndi siginecha. Panalibe nambala ya galimoto, panalibe makilomita, panalibe chidindo. Patapita miyezi 5 turbo inayamba kuimba mluzu, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Kampani ya pulani inapempha mbiri ya sevisi, inaona mpata wa makilomita pafupifupi 30,000 pakati pa zidindo ziwiri, n'kukana. Usiku umenewo ndinakhala nawo pa tebulo la kukhitchini kwawo, kapepala kaja kali pakati pathu, akukasisita ndi chikhatho kuti kawongoke. Anati, "Alamu, miyezi 26 ndakhala ndikulipira osaphonya ngakhale umodzi." Ndinasowa chowayankha. Chiganizo chimene chinawagwetsa chinali pa tsamba 9, ndipo pogula palibe amene anawawerengera.

Sindikunena kuti makampaniwa salipira. Amalipira, ndipo ndikudziwa anthu amene anathandizidwa. Koma amalipira munthu amene mapepala ake ali m'malo mwake kuyambira tsiku loyamba, ndipo moyo wathu wa maulendo ataliatali ndi amakaniko odziwana nawo sugwirizana kwenikweni ndi mapepala otere.

Pali njira ina imene simudzaimva m'chipinda cha F&I, ndiyo kudzisungira nokha. R300 yomwe ija mukamaiika pambali mwezi uliwonse, walanti ya zaka 3 ikamatha muli ndi R10,800, chiwongoladzanja tisanachiwerengere. Pa zaka 5 ndi R18,000. Ndalama imeneyi ilibe tsamba 9. Imagula kilachi, imagula matayala, imalipira makaniko wa ku Tete pakati pa usiku, ndipo galimoto ikapanda kuvuta imakhala yanu n'kudzakhala dipoziti ya galimoto ina. Kampani ya inshulansi kuti ikhalepo iyenera kutolera zambiri kuposa zimene imalipira, ndiye tikaphatikiza ogula onse, ambiri amaikamo zambiri kuposa zimene amatengamo. Powerengetsa masamu okha, wodzisungira ndiye amapindula nthawi zambiri.

Koma ndinene zoona za ife. Ndalama yosunga m'nyumba ya Mmalawi wa ku Joni ili ndi eni ake ambiri. Foni imalira usiku kuti kwagwa maliro. Fizi ya mwana wa achemwali yakwana. Feteleza wakwera. Denga la nyumba ya amayi likudontha. Ndani angayang'ane R10,000 ili mu akaunti n'kuuza mayi ake kuti iyi ndi ya giyabokosi imene sinawonongeke? Ine sindingathe, ndipo sindifuna kukhala munthu woti angathe. Pa Mukuru ndalama imapita m'mphindi zochepa, ndipo thumba la galimoto limatha mwini wake asanazindikire. N'chifukwa chake ndimati wosankha njirayi atsegule akaunti yapadera ya 32-day notice, imene kuti utapemo uyenera kudziwitsa banki masiku 32 pasadakhale, ndipo ndalama izichoka yokha tsiku la malipiro. Galimoto ikafa mudzadikira mwezi kapena kudulidwa kangachepe potapa msanga, koma ndalamayo mudzaipeza. Amene akudzidziwa kuti ngakhale akaunti yotereyo adzaithyola, pulani yogula imamuthandiza pa chinthu chimodzi ichi: ndalama ikapita siibwereranso kuti igawidwe.

Kudzisungira kuli ndi malire enanso. R18,000 imakwana alternator, pampu ya madzi kapena kilachi. Siikwana injini ya dizilo kapena giyabokosi ya otomatiki ya magalimoto amakono. Galimoto yaing'ono ya petulo, yopanda turbo, ya magiya a pamanja, monga Suzuki Swift kapena Toyota Starlet, ili ndi zinthu zochepa zodula zoti zife. Pikapu ya dizilo yokhala ndi turbo, ma injector, 4x4 ndi giyabokosi ya magiya 10 ndi nkhani ina, ndipo chinthu chimodzi chokha chikhoza kumeza zosunga za zaka 5.

Zilipo zina zimene zimakutetezani kale osalipira khobidi. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limapereka miyezi 6 yoti katundu wogula akakhala ndi vuto akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, ndipo ntchito ya makaniko pamodzi ndi sipeya imene waika zili ndi walanti ya miyezi 3 mwa lamulo. Vuto likakhala la mtundu wonse wa galimoto ndipo likuika miyoyo pa chiswe, kampani imaitanitsa magalimotowo n'kukonza mwaulere, walanti ikhalepo kapena ayi, monga Ford inachitira mu Januwale 2017 ndi ma Kuga 1.6 opitirira 4,500 amene ena mwa iwo ankayaka moto, ndiponso monga zakhala zikuchitikira ndi ma airbag a Takata pa mitundu yambiri. Kuyambira pa 1 Julaye 2021, ndondomeko za Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, zimalola kuchititsa sevisi ku galaja yoima payokha walanti ya kufakitale osafa, komanso zimati mtengo wa service plan uzionetsedwa padera ndi wa galimoto. Kungoti galajayo ikalakwitsa, kampani siikonza chimene chawonongeka ndi kulakwitsako. Ine pa zaka za walanti ndimapitabe kwa dila ngakhale kuli kodulirapo, chifukwa chinthu chikafa walanti itangotha kumene makampani nthawi zina amathandizako mwa kufuna kwawo, chimene amachitcha goodwill, ndipo amayamba ayang'ana zidindo m'buku.

Ngati munasaina kale sabata yatha ndipo mukuwerenga izi mtima uli m'mwamba, pulani ya inshulansi ili ndi masiku 14 oti mutha kuibweza mukalandira chikalata, bola musanakileme kalikonse. Kilemu ikakanidwa mosayenera pitani ku National Financial Ombud Scheme, ofesi yomva madandaulo okhudza inshulansi ndi mabanki, imene inayamba ntchito mu Malichi 2024. Dandaulo lokhudza dila kapena kampani yopanga galimoto limapita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa. Kudandaula konseku salipiritsa.

Ife oyenda ulendo wa kumudzi tili ndi funso lathulathu. Pulani iliyonse ili ndi chiganizo chonena maiko amene imagwira ntchito. Ina imathera pa Beitbridge. Ina imatchula mayina a maiko oyandikana nawo, ndipo ulendo wathu umakhudza atatu, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi. Onani kuti onse atatu alembedwa, ndipo funsani kuti galimoto ikafera pakati pa Nyamapanda ndi Tete, bulekidauni alipira ndani, kuikokera mpaka kuti. Yankho likhale la pa imelo, osati la pakamwa. Sevisi chititsani musananyamuke, ngakhale makilomita asanakwane, kuti za alamu anga zisakugwereni. Ndipo amene cholinga chanu n'kudzaitengera galimoto kumudzi ngongole ikatha n'kukakhazikika, pulani ya kuno mwina simudzaigwiritsa ntchito n'komwe. Sungani ndalamazo, ndipo posankha mtundu ganizirani umene masipeya ake amapezeka ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu.

M'bale akabwera ndi mapepala ndimamufunsa makilomita amene amayenda pa chaka, zaka zimene akufuna kukhala ndi galimotoyo, ndi ngati bilu yadzidzidzi ya R40,000 ingagwetse banja lake. Wa walanti ya zaka 5 kapena kupitirira, wa galimoto yaing'ono, woyenda pang'ono, ndimamuuza kuti mzerewo aufufute n'kutsegula akaunti. Wa walanti ya zaka 3, ngongole ya zaka 6, galimoto ya dizilo kapena otomatiki, ulendo wa ku Pretoria tsiku ndi tsiku, ndimamuuza kuti agule ndithu, koma ya kampani yopanga, ndi ndalama za m'manja, walanti yoyamba itatsala miyezi ingapo. Pulani ya inshulansi ndimaisiyira galimoto yakale imene kampani yopanga yaikana, ndipo ngakhale pamenepo tiyambe tawerenga limodzi tsamba la malire.

Ine ndi mayi a kunyumba tinasakaniza njira ziwiri. R300 ija imachoka pa 25 mwezi uliwonse kupita ku akaunti ya 32-day notice. M'kati mwa chikuto cha buku la sevisi iwo analemba ndi cholembera chofiira tsiku la miyezi 3 walanti isanathe, pamodzi ndi nambala ya 90,000, kuti chimene chiyambe kufika tidziwitse banki ndi kupita kwa dila kukafunsa mtengo wa zaka 2 zowonjezera. Mita panopa ili pa 71,400. Zimene zili mu akaunti zikadzakwana mtengowo, ndipo pa injini ndi giyabokosi pakadzakhala popanda malire, tidzagula. Apo ayi, zidzakhala momwemo kudikira kilachi.